Keyala Yakale Inandisandutsa Wothawa Mlandu

Mu Ogasiti 2023 ndinanama pamaso pa wapolisi, ndipo bodzalo linali la liwu limodzi lokha. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa mantha amene anandinamitsa si anga ndekha. Ali paliponse pamene eni galimoto amakhala pansi kudikira katundu, kuyambira pa Mitundu mpaka pa Nathenje. Amati ngati kumene ukukhala sikukugwirizana ndi keyala imene unalembetsa potenga laisensi, inshuwalansi yako yafa, ndipo ukachita ngozi kampani siikupatsa ngakhale tambala. Ine ndinazikhulupirira. Zinandidyera galimoto, zinachititsa manyazi banja limene ndinakwatirako, ndipo zinazunzitsa kachiwiri munthu amene ndinali nditamuvulaza kale.

Mapepala anga ankatchula malo osiyanasiyana. Polembetsa chiphaso cha unzika mu 2017, a National Registration Bureau akuzungulira dziko lonse, ndinatchula mudzi wa amayi anga ku Ntchisi. Ku Road Traffic ndinali nditapereka bokosi la positi ofesi la kampani ya zomangamanga imene ndinkagwirako ukalaliki, pamodzi ndi nyumba ya lendi ku Chilinde. Nditagula kapikapu kanga mu 2018, ejenti wa inshuwalansi anakopera zomwezo pa fomu yake. Anandifunsa kumene galimoto izigona, ndinati mumpanda ku Chilinde. Anandifunsa ntchito yake, ndinati yoyendera ine ndi banja langa. Tsiku limenelo zonsezi zinali zoona. Popeza ndinagula ndi ngongole ya kuntchito, anandiuza kuti nditenge comprehensive, inshuwalansi yoteteza galimoto yanga yomwe pamodzi ndi anthu ena apamsewu, ndipo ngongole itatha ndinapitiriza nayo.

Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa ntchito za kampani ija, ntchito yanga n'kuthera pomwepo. Lendi inatikanika. Tinalongedza katundu n'kupita kwawo kwa mayi a kunyumba, kamtunda pang'ono kuchokera pa Mitundu, ine n'kukhala mkamwini. Apongozi anatigawira munda, koma chimene chinkatidyetsa kwenikweni chinali kapikapu kaja. Msika wa Mitundu umadzaza mtedza, soya, chimanga ndi nyemba, ndipo wogula aliyense amasowa chonyamulira. Ndinayamba ndi matumba a aneba, kenako a mavenda, kenako matola. Chaka ndi chaka ndinkatumiza ndalama ya inshuwalansi pa foni, ejenti n'kutumiza disiki kudzera kwa dalaivala wa minibasi, ine n'kumata pagalasi. Iye sankafunsa ngati china chasintha, ine sindinkanena.

Poyamba kunali kuzengereza chabe. Mantha anabwera pambuyo pake, kuchokera kwa mnzathu wina wapasiteji amene anayendetsapo galimoto ku Johannesburg. Iye ankatiuza kuti kumeneko munthu akasamuka osanena, tsiku la ngozi kampani imamukana. Nkhaniyo inadutsa m'makutu ambiri, ndipo pofika kwa ine inali itasanduka lamulo lakuti keyala ya pa laisensi ndi malo ogona zikasiyana, zonse zatha. M'malo mopita kukafunsa, ndinaganiza kuti chitetezo changa chili pobisa kuti ndinasamuka.

Tsiku la ngoziyo ndinanyamula matumba a mtedza wosenda a amayi awiri ochita geni, amene anali ndi wogula kupitirira pa Nathenje. Tinanyamuka pa Mitundu dzuwa litapendeka, kudutsa pa Bunda, n'kukalowa mu M1 pa Bunda Turn-off kulunjika ku Dedza. Pa Nanjiri tinadutsa kukuyamba chisisira. Wodziwa msewuwu akudziwa mmene umakhalira madzulo: mathiraki ochokera kumalire a Dedza, maminibasi oima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, akabaza, ngolo zopanda nyali, ana ochokera kuchigayo. Titatsala pang'ono kufika pa Nathenje, bambo wina wapanjinga, atamangirira dengu la tomato pakaliyala, anatulukira kutsogolo kwa minibasi imene inaima m'mbali. Ndinaponda mabuleki, koma galimoto yolemedwa siima pamene mwini wake akufuna. Ndinamugunda ndi ngodya yakumanzere, ndipo mmene ndinkapotoza chiwongolero, galimoto inakathera m'ngalande, kutsogolo konse kutaphwanyika.

Anthu anakhamukira pamalopo. Sindinathawe, ngakhale ena ankalankhula mawu oopsa. Tinamunyamula bamboyo n'kumuika m'galimoto ina kupita naye kuchipatala chaching'ono cha pa Nathenje, ndipo poona kuti mwendo wathyoka anamutumiza ku Kamuzu Central. Amayi awiri aja anangonyuka. M'chipwirikiti chimenecho foni yanga inasowa.

Wapolisi amene analemba nkhaniyi anagwira ntchito yake bwino lomwe. Anaona laisensi, chiphaso cha COF chosonyeza kuti galimoto ili bwino, ndi disiki ya inshuwalansi, zonse zili m'nyengo yake. Anatenga mapepala a galimoto amene ndinkasunga m'kabokosi ka kutsogolo, n'kuyamba kukopera. Atafika pa keyala anadzutsa mutu.

"Bambo, mudakali ku Chilinde komweku?"

Mutu wanga unadzaza mawu a kusiteji aja. Ndinaona galimoto yophwanyika, ndinaona ana anga, ndinaona kampani ikunditsekera chitseko.

"Eya, bwana," ndinatero.

Bodza loyamba linakoka lachiwiri. Ndikudzaza fomu yopempha kuti kampani ikonze galimoto, ndinalemba keyala yomweyo ya Chilinde ndi bokosi la kuntchito yakale, kuti zigwirizane ndi lipoti la apolisi. Pa funso lakuti galimoto inali paulendo wanji, ndinalemba kuti ndinkakaona abale, ndipo mtedzawo unali wanga. Nambala ya foni ndinalemba yomwe ndinali nayo nthawi zonse, ndili ndi chikhulupiriro chakuti ndikabwezeretsa simu yotayikayo. Nditapita kukaifuna ndinapeza kuti pa kalembera wa masimu wa mu 2018 inalembetsedwa m'dzina la kampani imene inandichotsa ntchito ija, ndipo sakanandipatsa popanda kalata yochokera kumeneko. Ndinagula simu ina. Kubwerera ku inshuwalansi kukapereka nambala yatsopano ndinaopa, poganiza kuti ndikangoonekera andifunsa mafunso amene angaulule zonse.

Choncho ndinakhala phee ku Mitundu. Mayi a kunyumba akafunsa, ndinkati akampani akukonza zonse. Kuchipatala ndinakamuona bamboyo sabata yoyamba, ndinasiya kangachepe, koma sindinawauze achibale ake kumene ndimakhala, ndipo sindinabwererenso. Ndinkadziuza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa akampani, ine ndisailowerere.

Pa nthawi yonseyi makalata ankayenda. Kampani inalemba kufunsa chifukwa chake mboni ziwiri za m'lipoti la apolisi zikunena kuti zinalipira ulendowo, pamene ine ndinalemba kuti ndinkakaona abale. Kalatayo inakagwera m'bokosi la kuntchito yakale, kumene palibe ankandidziwanso. Anaimba foni, sinkagwira. Achibale a wovulalayo, ataona kuti ndasowa, anasonkherana ndalama ya minibasi n'kupita ku Chilinde. M'nyumba muja anapezamo banja lina, limene silinamvepo dzina langa. Anapeza loya, loyayo n'kulemba makalata ake, nawonso n'kupita kubokosi lomwelo. Kwa onsewa chithunzi chinali chimodzi: dalaivala wagunda munthu, wapereka keyala yabodza, wazimitsa foni, wathawa.

Anandipeza mvula zoyamba zitagwa. Atsibweni a bamboyo anakumbukira kuti amayi a mtedza aja ankati ndi a ku Mitundu, ndipo anayenda mumsika kufunsa mpaka anapeza mmodzi. Anawalondolera kwa anyakwawa a m'mudzi mwathu, anyakwawawo n'kubwera nawo pakhomo. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Alamu anga, amene ndi mwinimbumba, anaitanidwa. Apongozi anakhala chapatali pakhonde, atayang'ana kumbali. Malonje atatha, mkuluyo analankhula mosakweza mawu.

"Pepani, eni mudzi, tabwera mosayembekezeka. Ife tachokera kuseri kwa Nathenje. Tikufuna bambo amene anagunda mphwanga. Ku Chilinde tinafikako, tinapeza anthu ena. Foni siigwira. Makalata sakuyankhidwa. Mphwanga ali gone, munda sunagalauzidwe, ana akuyang'ana ine. Ndiye tati tidzadzionere tokha ngati munthu wamoyo angasowe chonchi. Mlandu suwola, bambo."

Alamu ananditembenukira. "Alamu, ife nkhaniyi timaidziwa mwina. Munatiuza kuti zonse zili m'manja mwa akampani. Tiuzeni pano, alendowa akumva."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa funso la wapolisi lija. Palibe anandikalipira, ndipo kukanakhala kopepuka akanatero. Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa eni ake amamukhulupirira, ndipo ine ndinali nditabweretsa anyakwawa ndi alendo odandaula pabwalo la apongozi. Usiku mayi a kunyumba anangoti, "Abambo, mukanandiuza ine. Tikanapita limodzi kukafunsa." Mawu amenewa anandipweteka kuposa onse a masana aja.

Alamu anandiperekeza ku ofesi ya inshuwalansi mumzinda wa Lilongwe. Mayi amene anatilandira anatulutsa failo yanga, yodzaza ndi makalata amene sindinawaonepo. Ndinawauza za kusamuka kwanga, ndipo ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa mu 2020: kodi keyala yakale ya pa laisensi ndi imene yapha inshuwalansi yanga?

Anapukusa mutu. Anati pa laisensi iwo amayang'ana ngati ili yeniyeni, ngati zaka zake zisanu sizinathe, ndiponso ngati code yake ikulola galimoto imene munthu ankayendetsa. Yanga inali bwino pa zonsezi. Keyala ya m'kaundula wa Road Traffic ndi nkhani yoti ndikakonze ku Road Traffic, ndipo ndiyeneradi kukonza, koma payokha sinaphe pangano langa ndi iwo.

Kenako anatsegula fomu ya mu 2018 n'kuloza mayankho anga. Anafotokoza kuti kampani siona galimoto tsiku ndi tsiku. Imaika mtengo potengera zimene mwini wake wanena: ikugona kuti, akuyendetsa ndani, ikugwira ntchito yanji. N'chifukwa chake pangano la inshuwalansi limadalira kuti mbali zonse ziwiri zinene zoona, ndipo china mwa zimenezi chikasintha, mwini galimoto adziwitse kampani kuti iwonjezere pepala losonyeza kusinthako. Anati kusamukira ku Mitundu ndikananena, akanangolemba, mwina mtengo n'kusintha pang'ono, mwina osasintha n'komwe. Chimene chinali chachikulu ndi ntchito ya galimotoyo. Yonyamula anthu ndi katundu molipitsa imakhala pamsewu nthawi yaitali, imalemedwa, ndipo ngozi yake ndi yokulirapo. Ili ndi inshuwalansi yakeyake, imayenda ndi nambala yofiira, ndipo dalaivala wake amafunika chiphaso chapadera chotchedwa PrDP. Ine ndinalibe chilichonse mwa izi. Pamwamba pa zonse, ndinasainira fomu yonena zinthu zimene ndinkadziwa kuti si zoona.

"Bambo," anatero mayiwo, "inu munkabisa chinthu chimene sichikanakuvulazani, ndipo pochibisa munasainira chimene chakuvulazani."

Pempho langa loti akonze galimoto analikana, ndipo analemba zifukwa zake. Anandiuza kuti ngati sindikukhutira ndingathe kukadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi. Sindinapiteko, popeza palibe anandilakwira.

Nkhani ya wovulalayo inayenda njira ina. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, imene timaitcha third party. Gawo 148 la lamuloli limalola munthu wovulazidwa kuitanitsa chipepeso chake kuchokera ku kampaniyo mwachindunji, m'dzina lake, mpaka pa malire a ndalama olembedwa m'pangano. Lamuloli linaikidwa kuti woyenda pansi kapena wapanjinga asatsale manja ali m'khosi chifukwa choti womugunda ndi wosauka. Nditapereka umboni woona, kampani inakambirana ndi loya wa bamboyo n'kulipira mbali yake. Zotsala zinagwera ine. Chimene chinandivuta kuchimeza n'chakuti ndalamazo zikanatuluka kale ndikanapezeka. Failo inaima chifukwa ankadikira yankho langa, ndipo bamboyo ankadikira failoyo.

Kuchedwako kunandilanga ndi kwina. Mu Novembala 2023 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Zipangizo za galimoto zimachokera kunja, ndipo mtengo umene makaniko anandiuza mu Ogasiti unali utasiyana kutali ndi umene anandiuza chaka chikutha. Ngakhale ndikanagulitsa zokolola zonse sindikanakwanitsa. Ndinagulitsa kapikapu kaja kwa makaniko yemweyo kuti aphwasule, ndalamazo n'kupita ku mbali yanga ya chipepeso.

Alamu ndi ine tinakwera minibasi kupita kwawo kwa bamboyo, titatenga nkhuku ndi thumba la chimanga. Tinamupeza pakhonde, ndodo zoyendera zili pambali. Mkazi wake anali atabzala yekha theka la munda. Dimba la tomato, limene linkalipira fizi ya mwana wawo wa ku sekondale, linali litauma. Ndinagwada n'kupepesa. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Achimwene," anatero, "mwendowu unathyoka pangozi. Inenso ndinatulukira pamsewu osayang'ana bwino, sindingakane. Koma kusowa kwanu kuja sikunali ngozi. Ndili m'chipatala ndinkawauza anthu kuti dalaivalayo ndi munthu wabwino, anandinyamula ndi manja ake. Atabwerako ku Chilinde anandiseka."

Anakhululuka, ndipo nkhuku ija tinadyera limodzi. Koma amatsimphina mpaka lero, ndipo njinga sanayambirenso kukwera ndi katundu.

Nditafufuza pambuyo pake, ndinapeza kuti mnzathu wa ku Johannesburg uja sankanama kwenikweni, koma ife tinamva theka. Ku South Africa makampani amaikadi mtengo potengera dera limene galimoto imagona, choncho kusamuka osawauza n'koopsa. Ku Britain munthu akasamuka osadziwitsa bungwe la DVLA, limene limapereka malaisensi, angathe kulipitsidwa chindapusa chofika £1,000. Koma ngakhale kumeneko nkhanizi ndi ziwiri: ina ya munthu ndi boma, ina ya munthu ndi kampani yake. Ife tinazisakaniza, ndipo tinatengapo phunziro lotembenuka. Iwo amati nena ukasamuka, ife tinamva kuti bisa.

Ndikuvomereza kuti mafomu athu amamuvuta munthu wakumudzi. M'maiko amenewo nyumba zambiri zili ndi nambala ndi msewu wake. Kuno, ngakhale a MACRA anayambitsa ntchito yoika manambala pa nyumba ndi maina pa misewu, ambirife keyala yathu ikadali bokosi la sukulu ya pulayimale, la tchalitchi kapena la kuntchito kwa mbale. Mphunzitsi wamkulu akasinthidwa kapena mbaleyo akachoka, makalata amangounjikana. Munthu mmodzi amakhala ndi mudzi wobadwira, mudzi wokwatira ndi nyumba ya lendi m'tauni, ndipo fomu imamupatsa mzere umodzi. Koma vuto limeneli silinandikakamize kunama. Likanangofuna kuti ndilankhule.

Ndinapita ku Directorate of Road Traffic and Safety Services kukasinthitsa zonse zokhudza ine m'kaundula wawo wa MalTIS. Ndinaima pamzere, ndinadinda chala, ndinapereka keyala ya ku Mitundu ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina langa. Palibe anandifunsa chifukwa chake ndinachedwa. Ndinatenganso PrDP, ndipo tsopano ndimayendetsa lole ya munthu wina, yonyamula zokolola kupita ku Kanengo. Ndisanavomere ntchitoyo ndinapempha kuona pangano la inshuwalansi yake, kuti ndidziwe ngati likulola ntchito imene loleyo ikugwira.

Kwa amene muli ndi galimoto ndipo munasamuka, pempho langa ndi ili. Lembani kalata kwa kampani yanu, musangouza ejenti pakamwa, ndipo sungani kope lodindidwa. Tchulani mudzi, mfumu yaikulu ndi chizindikiro chapafupi, kaya ndi sukulu kaya chigayo. Perekani manambala awiri a foni, yanu ndi ya munthu wa m'nyumba mwanu. Ngati galimoto yayamba kunyamula anthu kapena katundu molipitsa, nenani, ndipo lipirani mtengo wake. Ndalamayo imaoneka yambiri, koma n'njochepa poyerekeza ndi kulipira zaka zonse inshuwalansi imene sidzakuthandizani tsiku la tsoka.

Ndipo tsokalo likakugwerani, wapolisi akafunsa kumene mumakhala, tchulani kumene mumagona usiku umenewo, ngakhale mapepala onse akunena kwina. Keyala imene mukupereka si ya kampani yokha. Pali munthu amene wagona kuchipatala chifukwa cha galimoto yanu, ndipo abale ake adzafunika kukupezani.